Zimene a Muhiwa Sananene

Aliyense amene anagwirapo ntchito pa esiteti yathu amaidziwa wailesi ya a Muhiwa. Inali yakuda, yomangidwa ndi mphira pakati, ndipo inkakhala pazenera la kiliniki kuyambira seveni koloko m'mawa mpaka wodwala womaliza atatuluka. Sinkagwira bwino. Tsiku la chiperoni inkangoti waaa ngati mvula pa malata, koma eni ake sankaizimitsa. Ife a pa benchi tinkadandaula kuti munthu wabwera mutu ukuwawa kale, akumuwonjezeranso wina. Panapita zaka ndisanadziwe chifukwa chake. Khoma la chipinda choonera odwala silinkafika kudenga, amisiri analisiyira panjira, akuti njerwa zinatha. Ukanong'ona mkatimo, wa pa benchi ankamva zonse. A Muhiwa analemba makalata atatu kupempha kuti khomalo alimalize, ndipo atatopa anakagula wailesi ku Luchenza. Mabatire ankagula okha.

Ine ndine Lackson, dalaivala wa thirakitala. Ndakoka masamba a tiyi kuchokera kumunda kupita ku fakitale kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, msana unatha kalekale, ndipo zolankhula zambiri ndilibe nazo mphamvu. Nkhani iyi ili ndi chinsinsi mkati, koma musade nkhawa, chinsinsicho ndi changa. Mwini wake ndine, ndiye ndikhoza kuchiulula. A Muhiwa sanachiululepo.

A Everson Muhiwa anabadwira kwa Khwethemule. Agogo awo anachokera ku Mozambique wapansi, mphasa pamutu, kudzathyola tiyi, ndipo bambo awo anakalambira m'ntchito yomweyo mpaka zala kupindika. Iwo sukulu inawayanja. Anakaphunzira zachipatala nabwerera kudzakhala pa kiliniki yathu, pomwe anagwira zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ankakonda kutikumbutsa kuti iwo si dokotala, ndi medikolo asisitanti, koma tonse tinkangoti adokotala, poti dokotala weniweniyo ankabwera kamodzi pa mwezi, msewu ukalola.

Anali munthu wamtali, wowerama pang'ono, wosaseka pachabe. Chovala chawo choyera chija kolala inatha ndi kuchapa. Nyengo ya mvula, tiyi akaphuka, aganyu akadzaza m'malayini a nyumba za kampani, ankaona anthu makumi asanu ndi atatu pa tsiku: malungo, misana, mabala a zikwanje, ana otsegula m'mimba, komanso ife ofuna bedi resiti, kapepala kaja kamene kamakulola kugona kunyumba tsiku lako osadulidwa. Onama ankawadziwa ndi kayendedwe komwe. “Malungo akowa ndi aulemu,” ankatero osadzutsa mutu, “amabwera nthawi yobzala chimanga yokhayokha.” Ukatero unkatuluka ndi panado, manyazi ali tho.

Koma kapitawo akabwera kudzafunsa kuti uje akudwala chiyani, yankho linali limodzi: “Ndalemba masiku awiri. Zinazo n'zake.” Ndi manijala yemwe ankamuyankha chimodzimodzi, n'chifukwa chake mwina khoma lija silinathe. Mukakumana nawo ku msika wa Makwasa ankakupatsani moni ngati munthu amene sanakuonenipo mutavula malaya. Sankafunsa kuti chotupa chija chili bwanji. Ena ankati ndi onyada. Inenso ndinanenapo zimenezo, ndipo ndinanena mokweza kuposa onse.

Mu 2008 ndinatuluka mashingozi m'nthiti. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndangolembedwa kumene ntchito ya pamwezi, ndipo ndinkadziona ngati ndine manijala wachiwiri. A Muhiwa anayang'ana zilondazo, nandifunsa ngati ndingalole kuyezedwa magazi. Ndinavomera mwamatama. Patapita mphindi zingapo anadzuka pa mpando, napita pazenera, nakweza wailesi. Ndiye anabwerera kudzakhala pafupi nane, nandiuza kuti ndili ndi kachilombo.

Zimene ananena pambuyo pake sindinazimve bwino, makutu anali ziii. Ndimangokumbuka kuti ndinawagwira dzanja n'kuti, “Adokotala, chonde, asadziwe munthu.” Iwo anati, “Zam'chipinda muno zimathera muno, Lackson. Koma mkazi amene udzafune kukhala naye, udzamuuze wekha.” Ndinayankha kuti inde, poti pamenepo ndikanavomera chilichonse. Patapita miyezi ingapo ndinayamba ma ARV, thupi linabwerera, ndipo mawu achiwiri aja ndinawaika kumbuyo kwa mutu.

Chaka chotsatira ndinakumana ndi Tisungane. Ankagulitsa nthochi ku Makwasa, ndipo anali woimba kwaya, wa maso akuthwa, wosalola kuti umugwire ndi dzanja lomwe. Ndinagula nthochi miyezi itatu mpaka anzanga ku galaja anayamba kunditcha pusi. Atandilola ndinkapita kwawo kwa Khwethemule Lamlungu lililonse pa njinga. Mayi ake, a Alesi, ankandikonda kwambiri. Mkamwini wa ntchito ya pamwezi, wodziwa kuyendetsa, wosamwa, kwathu kuno sapezeka wamba. Ankandiphikira kalongonda, chakudya chofuna nkhuni za tsiku lathunthu, ndipo munthu samakuphikira ngati sakukufuna.

Tisungane anali atandiuzapo kuti amalume ake amagwira ntchito ku esiteti kwathuko. Ine ndinkaganiza kuti ndi mlonda kapena kapitawo wa divishoni ina, sindinafunse n'komwe. Nthawi yotumiza akwathu kukafunsira mbeta itakwana, ndinafunsa a Alesi kuti mwini mbumba ndani. Anaseka. “Simukuwadziwa? Achimwene anga ndi adokotala anu aja, a Muhiwa. Nkhoswe ndi iwowo.”

Ndinaika pansi mbale ya kalongonda.

Kwa inu amene simudziwa za kuno, mwana wamkazi sakwatiwa ndi mawu a bambo ake. Amene amalandira alendo, amene amati inde kapena ayi, amene adzaweruze mukadzakangana, ndi mlongo wa mayi ake. Ndiye munthu yekhayo pa dziko lapansi amene ankadziwa zam'magazi mwanga anali yemweyo woti andipatse mwana wa mlongo wake.

Lachiwiri lotsatira linali deti yanga yotenga mankhwala. Ndinalowa m'chipinda. Anandiyeza sikelo, nawerenga mapiritsi otsala, nalemba m'buku, zonse monga mwa masiku onse. Atatha anaika cholembera pansi.

“Ndamva kuti akwanu akubwera Loweruka.”

“Eee, adokotala.”

“Wamuuza?”

Ndinayang'ana pansi.

“Mwakhalirapo limodzi?”

“Iyayi, ndikulumbira. Mwanayo ndi wa tchalitchi.”

Anapuma mpweya wautali. “Tamvera, Lackson. Kachilombo sikaletsa ukwati. Alipo ambiri ndawaona, wina ali nako wina alibe, akukhala bwinobwino, ana akubadwa abwino. Koma amakhala akudziwa. Ngati ukuopa, bwera naye kuno, kapena mupite chipatala china, wina akuthandize kunena. Ine m'chipinda muno ndine wachipatala, pakamwa panga mpotseka. Koma Loweruka ndikakhala pa mphasa ndine malume wake, ndipo sindingapereke mwana ali m'chimbulimbuli. Wandiika pakati, mwana iwe.”

Ndinalonjeza kuti ndimuuza Lachinayi. Lachinayi ndinapitadi, ndinakhala naye pansi pa mpeyala, ndinayasamula pakamwa kawiri, ndipo ndinamuuza za mtengo wa malata.

Loweruka amalume anga anapita ndi anzawo awiri. Ine kunalibe, mwambo sulola, koma anandifotokozera zonse atabwerako, nkhope zitagwa. Akuti a Muhiwa anawalandira bwino, anamva mawu awo mpaka kumapeto, kenako anati mbeta ilipo ndipo sakukana. Anangoika mfundo imodzi: chinkhoswe chisanachitike, ana awiriwa apite limodzi kukayezetsa magazi, chipatala chilichonse chimene angasankhe, amve zotsatira ali limodzi. Akuluakulu sakufuna kuziona, n'za awiriwo. Anati lamuloli waliika pa mbumba yake yonse kuyambira tsikulo, aliyense wodzakwatira kapena kukwatiwa. A Alesi akuti anadzuka pamenepo n'kufunsa ngati achimwene awo akumuyesa mwana wawo woyendayenda.

Apa ndi pamene ndimadana nayo nkhaniyi. Khomo anali atanditsekulira, chinangotsala n'kulowa. Ine ndinaona khomo lina, lothawira. Ndinauza amalume anga kuti zoyezetsazo n'zongonamizira, adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti mwana wa mlongo wawo sangakwatiwe ndi munthu wonunkha dizilo, akufuna mphunzitsi kapena kalaliki. Ndinanena zimenezo ku galaja, pa sikelo ya masamba, ku tchalitchi, ndipo ndinazinena bwino moti nanenso ndinayamba kupsa nazo mtima. Tisungane ndinamulembera kakalata ka mizere inayi. Kwa Khwethemule sindinapondekonso.

Bodza langa linayenda sabata ziwiri, kenako anthu analikonza mwa iwo okha. Amayi othyola tiyi amakhala tsiku lonse manja ali kalikiliki, pakamwa pali pa ulesi, ndiye anayamba kuwerengera. Adokotala sangaitanitse zoyezetsa popanda chimene akudziwa. Mnyamata uja ndi wonenepa, wathanzi, ndipo wathawa. Ndiye kuti wodwala ndi mtsikanayo. Nkhani inafika ku Makwasa, anthu anayamba kulambalala nthochi zake. Ku kwaya mnzake anasiya kumwera naye kapu imodzi. Ine ndinamva zonsezo ndipo ndinangoti phee, chifukwa zinkandiyeretsa.

A Alesi anabwera ku kiliniki Lachisanu lina masana. Ndinali pomwepo, ndikutsitsa nkhuni kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala, ndipo ndinabisala kumbuyo kwa ngolo ngati mbava. Sanalowe m'chipinda. Anaima pakhonde, pomwe wailesi sikanathandiza kanthu.

“Achimwene, tulukani! Mwana wanga sakudya. Akumunena kuti ali ndi matenda, ndipo akuti mwanena ndinu.”

A Muhiwa anatuluka, mapaipi opimira ali m'khosi. “Sindinanene zimenezo, achemwali. Tisungane sanabwerepo kuno ngati wodwala, ndipo palibe choipa chimene ndikudziwa pa iye. Ndanena pano anthu akumva.”

“Nanga munaikiranji lamulo lanulo? Mukudziwa chiyani? Ngati ndi mnyamatayo, nenani!”

Dzina langa linali pa lilime la a Muhiwa, ndipo liwu limodzi lokha likanamutsuka mwana wa mlongo wawo pamaso pa anthu makumi anayi.

“Za anthu obwera pano sindinena, kaya alipo kanthu kaya palibe,” anatero. “Mukandifunsa za aliyense wakhala pa benchi apayu, yankho ndi lomwelo.”

“Ndiye ndi zoona zimene akunena, kuti ndi kunyada basi. Sukulu yanuyo, amayi anagulitsa mbuzi kuti muphunzire, lero mwatha nayo mwana wanga.” Anamanga chitenje chawo mwamphamvu. “Kuyambira lero mbumba mulibe. Mukhale nawo odwala anuwo, adzakuikeni ndi iwowo.”

A Muhiwa anaima pakhondepo mpaka mlongo wawo atazimirira m'mabulugamu. Kenako anatembenuka n'kuti, “Wotsatira alowe.”

Ine ndinasiya kupita ku kiliniki. Ndikanawayang'ana bwanji? Mapiritsi atatha ndinangokhala. Mwezi wachinayi ndinayamba kutsokomola, lamba ndinabowola mabowo awiri atsopano, ndipo kukwera thirakitala kunkandithera mpweya. Tsiku lina m'mawa ndili ku galaja, ndinangoona njinga ya a Muhiwa yaima pa geti. Ndinaganiza kuti tsiku langa lakwana, abwera kudzandivula pamaso pa anzanga. Anapatsa moni onse, nati akufuna dalaivala woti akaone ngolo ya madzi ya ku kiliniki, ikudontha. Titayenda kufika poti palibe womva, anaima.

“Mabotolo ako akunditsekera malo mu kabati. Ubwere mawa seveni koloko.”

“Adokotala, ine ndinakulakwirani...”

“Zimenezo ukanene ku tchalitchi. Ine ndikunena za chifuwa chakocho. Ubwere ndi makhololo a m'mawa.”

Chinali TB. Anandichiza miyezi isanu ndi umodzi, ndipo m'miyezi yonseyo dzina la Tisungane silinatuluke pakamwa pawo. Sanandibaye jakisoni mwankhanza, sanandisiye pa benchi mpaka madzulo, sanandimane bedi resiti. Kunena zoona, ndinkalakalaka atandizunza pang'ono kuti mtima upepukeko. Ndinawafunsa tsiku lina kuti bwanji samandida. Anayankha akulemba m'buku, “Ndani wakuuza kuti sindimakuda? Kwera sikelo.”

Zaka zinayenda monga zimayendera kuno, kudulira, kuphuka, kuthyola, kudulira. Ndinakwatira Mildred, amene ndinakumana naye pa mzere wa mankhwala womwewo, kotero panalibe choti ndimuuze chimene sankachidziwa. Tili ndi ana atatu, onse alibe kachilombo, ndipo onse anawayang'anira ndi a Muhiwa. Tisungane anathawira ku Bangwe, anakhalako zaka zisanu ndi chimodzi akugulitsa kaunjika, nabwerera kudzakwatiwa ndi kalipentala wina wofedwa. Pa chinkhoswe chake anaimira ndi msuweni wa a Alesi, a Muhiwa sanawaitane. Akazi awo, mayi Angella, atamwalira mu 2015, a Alesi anabwera ku maliro ku Nchilamwela, anakhala kumbali ya azimayi, nachoka osawapatsa dzanja. A Muhiwa atawasudzula kumudzi kwa akazi awoko, anatsala ndi nyumba ya kampani ndi mwana mmodzi amene ali ku Joni, woimba foni pa Khirisimasi.

Chaka chatha anapuma pa ntchito. Panali kaphwando, manijala analankhula, anawapatsa wotchi ya pakhoma ndi mwezi umodzi woti atuluke m'nyumba. Wailesi ija anamusiyira a Joan, amene analowa m'malo mwawo, poti khoma lija mpaka lero silinafike kudenga. Ndipo mwa madalaivala asanu ndi mmodzi a pa esiteti, amene anauzidwa kuti akasamutse katundu wawo ndinali ine.

Katundu wa zaka makumi atatu ndi chimodzi sanadzaze ngolo: bedi, mipando inayi, makatoni a mabuku, njinga, wotchi ija. Nditamanga zingwe ndinafunsa, “Kwa Khwethemule, eti adokotala?”

“Ku Makwasa. Kuseri kwa chigayo.”

Munthu akapuma ntchito kuno amapita kumudzi kwa mayi ake, alongo ake amamudulira malo, amamanga, amadzala nthochi zake, amadikira tsiku lake pafupi ndi manda a akwawo. Ndinafunsa kuti bwanji. Anati anatumako uthenga kawiri, ndipo yankho linabwera lakuti malo anatha. Ine ndimawadziwa malo a kwa a Alesi, kuyambira pa mpeyala uja mpaka kumtsinje. Malo sanathe.

Nyumba ya lendiyo inali ya zipinda ziwiri, khoma limodzi ndi chigayo, moti kapu inkayenda yokha pa tebulo. Titatsitsa bedi ndinalephera kupirira.

“Adokotala, ndikanene?”

“Ukanene chiyani?”

“Mukudziwa. Kwa a Alesi.”

Anakhala pa katoni ya mabuku, akupukuta magalasi. Anali atakalamba kwambiri kuposa mmene ndinkawaonera m'chovala choyera chija. “Nkhani imeneyo ndi yako, Lackson. Sindinakuuzepo kuti uibise, sindikuuza kuti uinene. Ukanena, unene chifukwa cha iwe mwini ndi mwana uja, osati chifukwa cha malo anga.”

Mildred nditamufotokozera sanachedwe. Anati ndakhala zaka khumi ndi zinayi ndikudya, kunenepa, kubereka, pa msana pa nkhalamba ija, ndipo ngati sindipita apita yekha. Lamlungu masana ndinapalasa njinga njira imene ndinali nditaisiya ndili mnyamata.

Ndinawapeza a Alesi pabwalo akusenda chinangwa cha makaka. Tisungane anali pambali pawo, mwana kumsana. Anandizindikira onse awiri nthawi imodzi. Ndinapereka moni wa Chilomwe, “Muli phama?”, kuti mwina mitima ifewe, koma palibe anayankha. Mpando sanandipatse, ndinangonjuta pansi.

Ndinanena zonse, mosakometsera. Kuti ndili ndi kachilombo kuyambira 2008. Kuti a Muhiwa ankadziwa. Kuti anandipempha ndimuuze Tisungane ndipo ndinalephera. Kuti za dizilo zija ndinapeka ndine. Kuti tsiku lija ku kiliniki ndinali kuseri kwa ngolo ndikumva. Ndinamaliza ndi kuti achimwene awo alibe mlandu, anapulumutsa mwana wawo, ndipo tsopano akugona khoma limodzi ndi chigayo.

Ndinkayembekezera kuti alira, kapena andiponyera mpeni uja, kenako atuma mwana kukaitana achimwene awo. Anapitiriza kusenda mpaka chinangwa cha m'manja chitatha.

“Iwe ndiye ndilibe nawe mawu,” anatero. “Ndiwe galu, ndipo wadziwa wekha. Koma ukuti iwowo ankadziwa?”

“Ankadziwa, mayi.”

“Tsiku limene ndinaima pakhonde paja ndikulira, ankadziwa. Mwana uyu akuwonda ndi mutu womwe, akuthawa kwawo ngati wakuba, ankadziwa. Ine ndimati ndi kunyada chabe, ndipo kunyada ndikanakhululuka, poti ndi mtundu wathu. Kani anakhala pansi n'kusankha? Anaika mwana wanga uku, iwe uku, n'kusankha iwe?”

“Si ine anasankha, mayi. Ndi lamulo la ntchito yawo.”

“Ndinayamwa bere limodzi ndi lamulo ine? Akanangonditsina khutu, ine ndekha, usiku kapena masana, ndikanauza ndani?”

Tonse atatu tinkadziwa kuti akanauza dziko lonse, ndipo mwina akanachita bwino.

“Ukawauze kuti malo anatha,” anatero, natola chinangwa china.

Tisungane anandiperekeza mpaka pa mpeyala, osati mwaulemu, koma ngati munthu wofuna kutsimikiza kuti mlendo wachokadi. Pamenepo anaima. Maso aja anali akadali akuthwa.

“Ndili ndi funso limodzi, ndipo si lako, ndi la amalume. Amayi akanakakamira, ukwati n'kuchitika popanda kuyezetsa, iwe n'kukhalabe chete, iwo akanatani? Akanandiuza, kapena akanangondiyang'ana ndikulowa m'nyumba mwako?”

Ndinati sindikudziwa. Anati ndikawafunse, yankho lake ndi limene limuuze ngati ali ndi malume. Malo a kumtsinje ndi ake, anatero, mayi ake sangamuletse kudulirako munthu.

Ndinapalasa molunjika ku Makwasa, mtima uli m'mwamba, poti ndinaona kuti khomo latseguka. Chigayo chinali chotseka, Lamlungu. Ndinawapeza a Muhiwa pakhonde akusoka nsapato. Ndinafotokoza zonse, mawu a mlongo wawo osachotsapo, ndipo anangogwedeza mutu n'kuti, “Sakunama.” Kenako ndinanena funso la Tisungane ndi za malo a kumtsinje.

“Ndi losavuta, adokotala. Mungoti mukanamuuza. Ndipita ndekha mawa kukanena.”

Anabaya singano mu nsapato, naisiya momwemo.

“Funso limenelo ndadzifunsa zaka khumi ndi zinayi. Masiku ena ndimati ndikanamuitana yekha, iwe ndikanakuchenjeza kaye, n'kumuuza. Masiku ena ndimaona benchi ija, anthu onse aja amene ankalowa chifukwa ankadziwa kuti Muhiwa sanena, ndiye ndimati kaya. Unathawa msanga, sunandipatse mpata woti ndidziwe kuti ndine munthu wotani.”

“Koma mungonena kuti inde! Ndani angatsutse?”

“Mwana uja wanamizidwa mokwanira. Ukamuuze kuti sindikudziwa.”

Ndinapsa mtima, ndikuvomera. Ndinawauza kuti ndi nkhalamba youma mutu, kuti adzafera kuseri kwa chigayo, ufa uli m'mphuno, chifukwa cha liwu limodzi. Anandilola ndilankhule mpaka nditatopa. Ndinakhala pansi pa sitepe, tonse tikuyang'ana minda ya tiyi kutsidya, yobiriwira ngati kuti palibe amene anavutikapo nayo.

Yankho lawo ndinakapereka monga analinenera. Tisungane anamvetsera, nati wamva. Papita miyezi isanu ndi iwiri, kwa Khwethemule sikunabwere mawu.

Ndimapita kwa a Muhiwa Lamlungu lililonse ndi nkhuni pang'ono ndi masamba a tiyi. Sitikamba zambiri. Maso awo ayamba kuchita khungu, ndipo chigayo chawagonthetsa khutu limodzi. Sabata yatha ndikutsanzika, ndinawauza kuti tsiku lina ndidzapitanso kwa a Alesi, mwina mtima wawo watsika. Anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina pafupi, ngakhale panali nkhuku zokha, natsitsa mawu.

“Mankhwala wamwa lero?”